Mbuzi Ija Inafa ndi Chingwe

Inu owerenga, ine ndinadyetsa mnzanga nyama yofa yokha, ndipo chimene chinandilimbitsa mtima ndi buku lopanda chikuto. Sekani, inenso ndimadziseka, koma mumve kaye.

Sukulu ndinalekera panjira, komabe pepala lililonse ndimawerenga, ngakhale lokulungira usipa. Bukulo ndinaligula pamsika wa ku Insaca, lachipwitikizi, masamba oyamba atadyedwa ndi mbewa. Mlembi wake, amene dzina lake linathera m'mimba mwa mbewazo, ankati palibe choonadi chimodzi, aliyense ali ndi chake. Nzeru zotchipa chotere, zokomera mbava ndi achigololo, ine ndinazisenza pamutu ngati ndatola golide. Pabaraka pomwe timamwera ku Entre Lagos anayamba kunditcha pulofesa, ine n'kumavomera, osadziwa kuti akundinyogodola.

Mnzanga ujayo ndi Che Amidu, msodzi wa kunyanja ya Chiuta, Msilamu. Titabwerako ku Malawi komwe tinathawira, nkhondo itatha, banja lathu linadya nsomba zakwawo mpaka chimanga chathu chinacha. Kwathu kuno pakakhala phwando, ife Akhristu timaitana Msilamu adzazinge chiweto, kuti aliyense adye mosakayika. Palibe amafunsa kawiri, mawu a mwini khomo amakwana.

Tsiku la ukwati wa mwana wanga wamkazi, mbuzi imene ndinamangirira pamtengo wa mango inadzikulunga chingwe m'khosi. Pomwe ndinkaipeza inali itafa kale. Ina ndinalibe, alendo ali m'njira. Ndinaicheka pakhosi ndekha kuti ioneke yozingidwa, n'kuisenda msangamsanga. Che Amidu atafika ndi akazi awo, anafunsa amene wazinga. Ndinati ndi Msilamu mnzawo wa ku Insaca, anadutsa panjinga m'mawa. Mumtima ndinati akakhulupirira kuti ndi halali, kwa iwo ndi halali basi. Anadya, mpaka kuyamikira kufewa kwake.

Palibe anandigwira. Ndinadziulula ndekha. Tsiku lina mtsutso utakula pabaraka, ndinaitulutsa nkhaniyo ngati umboni, nditatukumula chifuwa. Taonani, munthu anadya, sanadwale, akupemphera bwinobwino, ndiye haramu ili pati? Zidakwa zija zinandiombera m'manja. Chimodzi mwa izo, mowa utachithera m'mutu, chinapalasa njinga mpaka kunyanja kukanena.

Che Amidu anabwera dzuwa lili pamutu, mpando anaukana. Ndinayamba kuwafotokozera kuti zinthu zimatengera mmene munthu akuzionera. Anandidula.

"Achimwene, sindikufunsa za m'mutu mwanu. Mbuzi ija inafa ndi mpeni kapena ndi chingwe?"

Ndinafufuza buku lonse lija mumtima, yankho lachitatu osalipeza. Ndinati chingwe. Sanakalipe. Anangoti, "Akazi anganso munawadyetsa," n'kutembenuka.

Ndiye inu amene mwatola mawu awiri atatu m'mabuku kapena pafoni, n'kumayenda mukuti aliyense ali ndi choonadi chake, ndimakudziwani, chifukwa ndinali mkulu wanu. Mawu amenewo mumawakumbukira pokhapokha mukafuna kunama. Takwerani bwato lobooka, mukafika pakati pa Chiuta mukauze madzi kuti kubookako ndi maganizo chabe. Inde, zilipo zimene anthu amasiyana. Ine ndi Che Amidu tinkapemphera kosiyana, koma osakanganapo. Koma mbuzi ija inafa njira imodzi yokha, ndipo ine ndinkaidziwa. Munthu akakufunsani chimene chinachitika, muuzeni chimene chinachitika, adzisankhire yekha kudya kapena kusiya.

Che Amidu amabwerabe kwathu pakagwa maliro kapena matenda, poti ndi munthu waulemu. Amachoka kunyanja m'mamawa, njala ikuonekera pamilomo. Mayi a ana akabweretsa chakudya, iwo amamwetulira n'kunena kuti, "Zikomo, ndakhuta." Ndimadziwa kuti si zoona. Koma pulofesa ine, ndiwatsutse ndi pakamwa pati?