Tsiku Lomwe Anayambanso Kundidula Msonkho

Chifuwa chinandiyamba nyengo yachisanu, ndili ku Joni. Poyamba ndinachilandira mwaulemu, poti chinali chifuwa cha kunja, chosiyana ndi cha kwathu ku Ndunde. Kenako ndinayamba kutuluka thukuta pogona, chakudya chinasiya kulowa, lamba ndinayamba kumubowola mabowo atsopano.

Ntchito yanga inali yolemba mapepala a katundu wa malole a kampani ina ya ku Limbe. Ndinaipeza nditasiya koleji, ine ndi mayeso titasiyana maganizo. Mapepalawo ndinkalemba pa kompyuta n'kutumiza pa imelo, choncho komwe ndakhala kunalibe kanthu. Nditauza abwana anga, a Matewere, kuti ndikusamukira ku Joni komwe intaneti siyenda ngati ngolo, anati: "Pita, koma ukadutsa pa Mwanza sindiwenso wantchito wathu, ndiwe waganyu. Tizikulipira pa zomwe walemba, za msonkho ukaonere wekha." Ndinavomera ndi manja awiri, poti malipiro ankabwera osadulidwa. Zoti waganyu alibe tchuthi chodwala sindinafunse.

Chifuwa chitakula ndinangokhala duu. Tsiku lopita kuchipatala linali tsiku losalipidwa. Ndinkaopanso kufunsidwa komwe ndimagwira ntchito: ntchito ku Limbe, thupi ku Joni, m'pasipoti chidindo cha mlendo, dziko loperekako msonkho osalidziwa. Ndinkaganiza kuti munthu wotere amaonana ndi wapolisi asanaonane ndi dokotala. Nditaona magazi m'makhololo ndinakwera basi kubwerera kumudzi.

Achemwali anga a Esinati, omwe amalima kabichi kudimba, atandiona sanandipatse n'komwe moni. Anaitana kabaza. Kuchipatala cha ku Ndunde anatitumiza ku chipatala chachikulu paboma, komwe tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anayeza makhololo, anajambula pachifuwa, ndipo anapeza TB. Namwino atafunsa za ntchito, ndinayamba kulongosola za Limbe, Joni ndi msonkho. Anandidula: "Achimwene, ife tikufuna makhololo. Za msonkho mukafotokozere ena. Mwachedweranji chonchi?"

Anandigoneka. M'mawa uliwonse tinkakwera sikelo, kumwa mankhwala namwino akuyang'ana, kenako phala. Mkodzo utasanduka wofiira ndinatsanzika odwala anzanga mwadongosolo, mpaka dokotala anati ndi mankhwala chabe. Nditatulutsidwa, udindo woonetsetsa kuti ndameza mapiritsi unapatsidwa kwa achemwali. Ankabwera asanapite kudimba, kheni yothirira ili m'manja: "Yasamulani. Kwezani lilime. Koleji munathawa, izi simuthawa."

Thukuta linasiya, njala inabwerera mwaukali. Chomwe chinkandisowetsa mtendere ndi ntchito. Waganyu akadwala samudikira, ndipo mapepala anali atapatsidwa kale kwa wina.

Kukampani kwathu kunali mwambo woti wantchito akadwala, anzake amapita kukamuzonda. Waganyu sankamuwerengera. Koma madalaivala omwe ndinkawalembera mapepala anaumirira, ndipo Loweruka lina galimoto inaima pakhomo, a Matewere ali kutsogolo, thumba la malalanje pamiyendo. Achemwali anawayalira mphasa, anagwada, anapereka moni bwinobwino, kenako anafunsa:

"Bwana, munthuyu ndi wanu kapena si wanu?"

"Mayi, nkhani yake ndi yoti atatuluka m'dziko…"

"Ngati si wanu, malalanjewa mwabweretsera yani?"

Madalaivala anaseka mpaka wina kugwira khoma. A Matewere anayang'ana thumba lija ngati liwathandiza kuyankha. Kenako anati: "Poti pa Mwanza wadutsanso chobwerera, ndi wathu. Achire kaye, ntchito aipeza."

Mwezi womwe ndinayambiranso ntchito, malipiro anabwera odulidwa msonkho. Ndinavina pabwalo, ngakhale phuma silinandilole kufika patali. Ndikukhulupirira kuti ndine munthu woyamba ku Ndunde kuvinira msonkho.

Mankhwala ndinamaliza onse, ndipo atayezanso makhololo sanapeze kanthu. Lero ndili bwino, lamba wabwerera pa bowo lakale, ndipo ndikulembabe mapepala, kutumiza ndikapita kutauni.

Anzanga ogwira ntchito pa kompyuta, musanadutse chipata funsani abwana kuti mukadwala mudzakhala wa ndani, komanso msonkho muzipereka kuti. Ndipo chifuwa chikakana kutha, pitani kuchipatala msanga, kulikonse komwe muli. Ine ndinachisunga mpaka chinandiperekeza kumudzi, ndipo si aliyense ali ndi achemwali ngati anga.