Buku la mu Mtsuko wa Phulusa

Ndikukumbukira onse amene analipo tsiku lija kwathu ku Malama: atate, amayi, amalume anga a Sakala, aphunzitsi a Mwale, mzungu wina wa ndevu zofiira, ndi ine Zakeyo Lungu, wa zaka nine. Ena onsewo anapita. Ndatsala ine, ndipo sindinama.

Atate anali ndi buku. Anapatsidwa ndi wansembe wa Chingerezi amene iwo ankamunyamulira katundu. Linali la chikopa chakuda, lolemera ngati njerwa, lonunkha ngati thumba lakale la fodya. Wansembeyo anawauza kuti m'katimo muli mkangano wa mfumu ya ku Mangalande ndi Papa, pa nkhani ya mkazi. Ndizo zokha zimene tinkadziwa, koma zinatikwanira kuyambana. Amalume anali a Roma, ankati bukulo limatukwana Papa, liwotchedwe. Aphunzitsi anali a mpingo wa atate, ankati liikidwe kusukulu.

Mzungu anafika cha m'ma ten, atamva za bukulo kumishoni. Anayamba wapukuta manja. Kenaka analinunkhiza! Anatsegula tsamba pang'onopang'ono ngati akuvundukula bala, nalipenya padzuwa. Aphunzitsi ndiwo ankamasulira. Mzungu anatchula bulangete ngati mtengo wa bukulo. Atate anapukusa mutu. Anatchula nsapato. Anapukusanso. Atatchula njinga, atate anamuyang'ana m'maso.

"Njinga, chifukwa cha mapepala?" anatero atate. "Munthuyu akudziwa chinthu chimene sakutiuza."

Anayang'ananso aphunzitsi, chifukwa mzungu ankalankhula zazitali, iwo n'kumasulira zazifupi. Anayang'ana amalume, amene mwadzidzidzi anayamba kunena kuti bukulo lingopita. Munthu amene dzulo lake ankafuna moto! Atate anauza mzungu kuti abwere mawa, ndipo alendo atangotembenuka anandipatsa bukulo, nati ndikalibise pamalo pamene ngakhale iwo sangadziwe.

Ine mutu ndinali nawo kuyambira kale. Kwathu mbewu ya nyemba timaisunga mu mtsuko, kuthira phulusa, n'kumata kukamwa ndi dothi kuti anankafumbwe asalowe. Ndinakulunga buku m'nsanza, ndinachita chimodzimodzi, n'kuimika mtsukowo pakati pa mitsuko ya amayi. Mawa lake atate anauza mzungu kuti chiswe chadya bukulo. Mzungu anakhala pansi pa mtondo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Amalume anafufuza m'denga ndi m'nkhokwe, nadutsa mtsukowo katatu. Ine ndikungokanda mwendo.

Njinga sitinaione. Ndinayenda pansi mpaka ndinakwatira. Koma buku lilipo, ndipo phulusa ndimasintha chaka ndi chaka.

Masiku ano zinthu zasintha. Munthu safunikanso kunyamula chinthu kuti akubere, amangochiloza ndi foni n'kuchijambula. Mwana wanga Yotamu, amene amagwira ntchito kuloji, nyumba yogona alendo odzaona nyama, ku Kakumbi, anamva kwa alendo kuti mabuku akale otere amafunidwa kwambiri kunja. Anandichonderera miyezi itatu kuti ndimuonetse bukulo. Ndinamata mtsuko wina wabodza kuti ndione ngati adzauswa ndili kumunda. Sanauswe. Ndiye ndinamutsegulira weniweni, foni yake nditaitsekera m'nyumba, ine nditaima kumbuyo kwake. Atamaliza ndinawerenga masamba ndi chala, n'kumuuza atulutse matumba.

Anawatulutsa, nati:

"Atate, ndagwira tsamba limodzi lokha, mwandisecha ngati mbala. Matani mtsuko wanu. Tidzakuikani m'manda limodzi ndi bukulo, mukawafunse nokha amfumuwo ndi a Papa kuti anapambana ndani."