Misozi ya Fodya

Maso a amayi anga adauma ine ndili kamtsikana, nkhondo ya Ajeremani itangotha. Ankati m'maso muli mchenga, koma ndikawakanula zikope sindinkapezamo kanthu. Amayi ankaumba mbiya, ndipo utsi wowotchera mbiyazo ndi mphepo yafumbi ya ku Mkaika zidawaumitsa misozi yonse. Chinthu chapoyera chotere mudzi wonse udakana kuchiona.

Mlongo wanga wamng'ono atamwalira ndi chifuwa, amayi adalira mpaka kusasa mawu, koma masaya ali gwa. Azimayi a pasiwa, m'malo motonthoza mnzawo, adatanganidwa ndi kumusuzumira m'maso. Azakhali, alongo awo a atate, ndiwo adayambitsa: mayi wanji wosagwetsa msozi pa mwana wake? Posakhalitsa manong'onong'o adafika pa mwabvi, chakumwa choyesera mfiti chija. Zimandipsetsa mtima mpaka lero, poti onsewo ankamwa madzi a m'mitsuko ya amayi omwewo.

Tsiku loika maliro ndidawaona amayi akutembenukira kukhoma. Adamasula fodya wa mphuno pa mfundo ya nsalu n'kudzithira m'maso. Misozi idatsikadi, yoderako. Azakhali adagwedeza mutu mokhutira, za mwabvi n'kuthera pomwepo. Koma maso a amayi adatupa, ndipo masabata awiri ndinkachita kuwagwira dzanja popita kuchitsime.

Mkazi wa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, amene adagwirako ntchito kuchipatala, adangowayang'ana kamodzi. Adati palibe za ufiti apa, maso auma basi. Adatiuza kuwathowa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, kudonthezamo mafuta a nsatsi osefa bwino, ndi kutalikira utsi. Woumba mbiya atalikire utsi, ndiye tidye dothi? Ntchito yowotcha idagwera ine, ndipo mbiya zanga zoyamba zidaphulika pafupifupi zonse.

Maso adayamba kupepuka, ngakhale misozi sidabwerere. Tsiku lina azakhali adabwera kudzapempha mphika, opanda ndi manyazi omwe, n'kumati, "Mlamu, koma mudalira bwino tsiku lija." Ndidalakalaka kuwaswera mphikawo pamutu. Amayi adangowasankhira wabwino n'kuwaperekeza mpaka panjira.

Pobwerera adakhala pakhonde, akuphethira maso awo ofiirawo, n'kunena motsitsa mawu:

"Mwana wanga ndidamulira ndi mtima wonse, palibe adandikhulupirira. Adakhulupirira fodya."