Mapilisi a mtima si katundu wotumiza kumudzi

Lachiwiri ndinakwera basi kukaona mnzanga, a Mbewe, kuchipatala ku Bordesley Green, kuno kutsidya kwa nyanja kumene tikukhala. Ndinabwerako nditakwiya, ndipo mpaka lero mtima sunatsike.

Miyezi inayi yapitayo madokotala anawatsegula mtsempha wa mumtima umene unatsekeka. Sanang'ambe chifuwa. Analowetsa kachubu pamkono n'kusiya mumtsemphamo kawaya kotchedwa sitenti, kuti magazi azidutsa. M'mawa mwake a Mbewe anatuluka akuyenda okha. Lamulo linali limodzi: mapilisi oletsa magazi kuundana azimwa tsiku lililonse kwa chaka chathunthu, osadumpha.

Sabata yatha anagwa m'khitchini. Sitenti ija inali itatsekeka. Apulumuka, koma dokotala wati mbali ina ya mtima yafooka ndipo sidzabwereranso.

Ndinawafunsa ali pabedi: "Achimwene, mapilisi aja mumamwa?"

Anayang'ana kuwindo. Amene anayankha ndi akazi awo, Nabanda: "Musayang'ane kumbali, bambo. Auzeni anzanuwa kumene anapita mapilisi."

"Ndinali nditachira ine," anatero a Mbewe motsitsa mawu. "Masitepe ndimakwera osapumira. Akulu anga ku Dedza amadandaula mtima. Ndiye mayi wina wa kutchalitchi amapita kumudzi, ndinangomupatsira mabokosi atatu."

Mabokosi atatu! Munthu wa imvi, wa zidzukulu, kulongedza moyo wake musutikesi pamodzi ndi nsapato ndi majuzi.

Musaseke. Ndani mwa inu sanatumizepo mankhwala kumudzi? Wina akangoti akukwera ndege, timathamanga ndi timapepala ta pulasitiki: awa a BP ndi a malume, awa a shuga ndi a apongozi. Dzina lolembedwa pabokosi ndi lathu, matenda ndi athu, koma womwa ndi wina amene dokotala sanamuonepo. Timati ndi chikondi.

Tsiku limene a Mbewe anaikidwa sitenti, pabedi loyandikana nawo panali bambo wina wa ku Thailand, wophika mulesitilanti ku Erdington. Ndimakumana naye pamalo okwerera basi. Dokotala anali yemweyo, kawaya komweko, malangizo omwewo. Iye lero akuimirira tsiku lonse pa moto. M'thumba amayenda ndi kabokosi ka mapilisi kolembedwa masiku, ndi kakhadi konena za sitenti yake. Nayenso ali ndi abale odwala kwawo. Ndinamufunsa ngati amawagawirako. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati m'bale wake akadwala amamuuza apite kwa dokotala akamuyeze.

Sindikunena kuti a ku Thailand ndi anzeru kuposa ife. Ndikunena kuti uyu anamva, wathuyu sanamve.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma ndikudziwa kuti kusiya kumva kupweteka si kuchira. Mwana wanga wamkazi, nesi ku Wolverhampton, wandiuzanso china: mapilisi amenewa akamwa munthu wosayenera angathe kutuluka magazi m'mimba. Ndiye a Mbewe anaika pangozi anthu awiri, iwo eni ndi akulu awo omwe amati akuwathandiza.

Ndipo inu manesi athu, ndili nanu mawu. Mwadzaza matchalitchi athu kuno. Masutikesi amatsekedwa inu mukuona. Mumakhala chete chifukwa wotumizayo ndi wamkulu, simufuna kuoneka amwano. Ulemu wanji umenewo wosiya munthu akudzipha?

Ndili pafupi kutsanzika, foni ya Nabanda inalira. Anali akulu aja a ku Dedza. Mawu ankamveka mpaka pamene ndinakhala: "Alamu, mankhwala aja atha. Wina akubwera liti?"

A Mbewe anatseka maso.

Ndinatenga foniyo ine. Ndinawauza akuluwo kuti mng'ono wawo ali pabedi ndi mapaipi m'mphuno chifukwa cha mabokosi amene aja, ndipo iwo apite kuchipatala akayezedwe. Sanakondwe. Zilibe kanthu.

Loweruka wina wa kutchalitchi kwathu akunyamuka kupita kumudzi. Inu amene mwakonza kale kapepala kanu, tandiuzani: mukufuna ndege yotsatira inyamule bokosi liti, la mapilisi kapena lanu?