Ndinasankha Onga Ngati Ndikusankha Ufa

Mundikhululukire inu owerenga polimba mtima kulemba, ine amene sukulu yanga ndi ya kumudzi ndipo sindinazolowere kuyankhula pagulu. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, chifukwa lamanja linatsala ndi zala ziwiri zokha. Zinazo ndinazisiya m'munda wina kumalire a Croydon, ku London, chifukwa ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa.

Ndinapita ku London m'chaka cha 2005. Anandiitanitsa ndi azakhali anga, amene ndi namwino pachipatala china kumeneko. Iwo ndi amene anandigulira tiketi ya ndege ndi kundipezera malo pakoleji kuti ndikonzekere maphunziro a unamwino. Kwathu aliyense ankadziwa kuti ndikamaliza ndidzakoka azing'ono anga, monga azakhali anandikokera ine. Masiku opanda kalasi ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, kudzera kukampani ina imene sindiitchula dzina.

Mmodzi mwa okalambawo anali bambo Albert, mzungu amene akazi awo anali atamwalira. Matenda a shuga anali atawafooketsa maso ndi kuwachititsa dzanzi m'zala. Ankandiuza kuti ndizingowatchula dzina, koma pakamwa panga pankakana. Ndinkati bwana, iwo n'kumaseka. Ankandikonda chifukwa sindinkathamangira kuchoka, ndipo chilichonse chimene anena ndinkavomera.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kashedi, kanyumba kosungiramo zipangizo, ndipo m'menemo ankasungamo kamzinga kamkuwa, kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, kukamwa kwake kotakasuka, koyang'ana kumwamba. Sikanali kankhondo ayi. Bambowa anali m'kagulu ka madoda amene amavala zovala za asilikali akale n'kumaombera timizinga totere posangalatsa anthu. Chiphaso cha apolisi chosungira onga anali nacho. Koma maso atafooka, anzawo a m'kagulu anawaletsa kuombera, ndipo mwana wawo wamkazi, Susan, ankawaumiriza kuti ongawo aubweze.

Tsiku lina akundionetsa kamzingako, ndinafuna kuti nanenso ndikhale ndi chonena. Ndinawauza kuti malume anga anali ndi mfuti ya gogodela yothamangitsira nguluwe kumunda, ndipo ankaithira onga kukamwa. Zimenezo zinali zoona. Chimene sindinanene n'chakuti malumewo akamatsegula chitini cha onga ankatithamangitsa ana tonse, moti ine ndinkangoonera patali. Bambo Albert anasangalala kwambiri, nati Mulungu wawatumizira katswiri. Ine ndinangomwetulira. Inu owerenga, bodza langa linali kumwetulira kumeneko.

M'chaka chotsatira, nyengo yozizira itatha, linafika tsiku lawo lobadwa. Anandipempha kuti ndiwaperekeze pa takisi kumunda wa mnzawo wina wodziwa za onga, kupitirira New Addington, akaombere komaliza asanafe. Anati ndisauze Susan kapena akukampani. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti malamulo a ntchito yanga sankalola. Koma ine ndinaleredwa kuti munthu wamkulu akakutuma sufunsa mafunso, ndiye wamkulu wake wakhungu, akukugwira pamkono n'kumakuchonderera, ndikanayambira pati kukana?

Tinalowa m'kashedi muja. Anatsegula bokosi lathabwa, ndipo munali zitini ziwiri za onga. Pazitinizo panali zilembo zimene sindinkadziwa tanthauzo lake.

"Tenga wa mzinga, winawo usiye," anatero. "Maso uli nawo, komanso wakula ndi mlenje iwe."

Apa ndi pamene ndikanati, bwana, sindikudziwa. Ndinaopa kuti akhumudwa, ndinaopa kuti aona kuti katswiri wawo ndi mwana wongoonera patali. Ndinatsegula zitini zonse ziwiri. M'chimodzi munali onga wamibulu ikuluikulu ngati misere. M'chinacho munali wosalala, wooneka wosefedwa bwino. Ndiye ndinaganiza ngati mwana wa kwathu: ufa wosalala ndi umene timasungira mlendo wolemekezeka, misere timamwazira nkhuku. Lero ndi tsiku lobadwa la bwana, ayenera wabwino. Ndinatenga wosalalawo. Atandifunsa ngati ndatenga woyenera, ndinayankha kuti inde bwana, mwaulemu wonse.

Zimene ndinazidziwa mochedwa, wapolisi akundifotokozera m'chipatala, n'zakuti onga suli ngati ufa. Wamibulu uja ndi umene unali wa mzinga. Wosalala unali wa timfuti tating'ono, ndipo umayaka mwachangu kwambiri, wonse nthawi imodzi. M'kamzinga kakale ngati kaja, mphamvu yake imasowa kolowera.

Titafika kumunda, mwini wake anatilandira, kenako anapita kukatsekera akavalo ake kuti asadzidzimuke. Anati timudikire. Akanakhalapo, akanangoyang'ana chitinicho n'kutiletsa. Koma bambo Albert anali ngati mwana woona chitumbuwa. Anandipatsa kamuyeso kawo, ine n'kuthira. Iwo anapisamo chala kuti akhudze ongawo, koma zala zadzanzi zija sizinawauze kanthu. Ndinaika mpira wachitsulo monga anandiuzira, iwo n'kuyatsa chingwe chopita ku onga, tonse n'kubwerera m'mbuyo. Nthaka inali yonyowa, ndipo ndinaona thabwa limene kamzingako kanakhalapo likupendekera kumene kunali bwana. Ndinathamanga kuti ndikaliwongole. Mosamala, monga ndinkachitira zinthu zonse.

Kamzingako kanaphulika ndili pomwepo. Phokoso lake sindilikumbuka. Ndimakumbuka utsi wonunkha ngati mazira oola, ndi bambo Albert ali chagada paudzu, atagwira kumaso, akuitana dzina la akazi awo amene anamwalira. Nditafuna kuwadzutsa ndi pamene ndinaona dzanja langa.

Azakhali anafika kuchipatala atavala yunifolomu, achoka pashifiti osamaliza. Anayang'ana bandeji, anayang'ana ine, nati: "Iwe mwana, tiketi ija ndinakutumizira kuti udzaombe mizinga? Anakuuza ndani kuti kuno kunena kuti sindikudziwa ndi mwano? Madokotala amene ndimagwira nawo ntchito amanena tsiku lililonse, ndiye iweyo ndiwe yani?" Anatuluka, ndipo ndinawamva akulira pakhonde.

Bambo Albert anataya kuwala pang'ono kumene kunawatsalira m'maso. Anauza apolisi kuti cholakwa chonse chinali chawo, ndipo n'chifukwa chake sindinalowe m'ndende. Koma chiphaso chawo chinalandidwa, ndipo Susan anawasamutsira kunyumba yosungira okalamba. Nditatuluka m'chipatala ndinakwera basi kukawapepesa. Ndinakumana ndi Susan pakhomo. Sanakalipe, anangondifunsa kuti, "Bambo ankakukhulupirira. Bwanji sunangofunsa?" Kenako anauza olondera kuti asandilole kulowa. Ndinamva mphekesera kutchalitchi, kwa mayi wina wogwira ntchito kunyumba ya okalambayo, kuti bambo Albert anamwalira nyengo yozizira itabweranso. Sindinawaonenso.

Kukampani anandichotsa ntchito, ndipo dzina langa linaperekedwa kwa akuluakulu kuti ndisadzasamalirenso okalamba. Kukoleji ndinajomba miyezi yambiri chifukwa cha maopaleshoni, ndipo nditabwerera ndinapeza kuti sindingagwire jakisoni kapena kumanga bandeji. Anandiuza mwaulemu kuti ndiganizire maphunziro ena, koma mutu unali utaima. Ndinalephera mayeso. Kutchalitchi cha Amalawi anyamata anayamba kunditchula kuti mkulu wa asilikali, ena n'kumandichitira sawasha ndikamalowa. Ndinkaseka nawo, chifukwa kuseka nawo ndi kumene ndimadziwa.

Viza yanga inali ya sukulu, ndiye sukulu itatha nayonso inalibe poimira. Ndinakaima pamzere kumaofesi a boma oona za olowa m'dziko, komwe ku Croydon, nyumba imene ndinkaidutsa tsiku ndi tsiku popita kukakwera thiramu, kasitima koyenda m'tauni. Ndinapempha kuti andionjezere viza, koma anandikana. Azakhali anayesa kwa loya, osathandiza. Masiku omaliza sankandikalipiranso, ankangondiikira chakudya patebulo n'kupita kukagona. Mpaka lero sanaitanitsenso wina aliyense wa kwathu, ndipo azing'ono anga akudziwa chifukwa chake, ngakhale sanena.

Inu owerenga, makamaka inu achinyamata ofatsa amene mumayamikiridwa kuti ndinu omvera, mverani ine. Onga, mankhwala, magetsi, makina, zimenezi sizidziwa ulemu. Ngati simunaphunzitsidwe, musakhudze, ngakhale wokutumaniyo akhale ndi imvi, ngakhale alire. Zimene mukudziwa kumtondo musapite nazo kwa zinthu zimene simunazionepo. Munthu akakutchulani katswiri pamene simuli katswiri, mukonzeni nthawi yomweyo, manyazi ake ndi a tsiku limodzi. Ine ndinafuna kusangalatsa nkhalamba imodzi, ndipo ndinaimaliza maso, ndinatseka njira ya abale anga. Sindikulemba kuti zanga zikonzeke, chifukwa sizingakonzekenso. Khasu limandipulumuka m'manja, ndipo amayi ndi amene amandilimira.

Azakhali anandiperekeza mpaka pabwalo la ndege la Heathrow, nandipatsa jekete la malemu amuna awo. Ndege inanyamuka Lachisanu, pa 9 Novembala 2007.