Oyilo amene bambo ake anathira m'kandege

Anthu ndikawauza kuti ine ndinakwerapo ndege amayamba andiyang'ana kumapaziku, masilipasi anga ong'ambikawa, kenako n'kuseka. Asekeni, koma zimene ndikunenazi sindinalote kapena kumva kwa munthu, zinandichitikira ine ndemwe masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndikanakonda likanakhala bodza. Nkhaniyi ndaisunga m'mimba zaka zambiri. Ndikuitulutsa lero chifukwa amene ndinkawabisira, amuna anga, anatisiya chaka chathachi, sangaimvenso.

Kwathu ndi ku Dedza. Ku Usisya ananditumiza kukaphunzitsa, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira, ndinapita ndi sutukesi imodzi n'kukathera pabanja ndi msodzi wa komweko, munthu wofatsa, wa boti lake la injini. Injini imeneyo ankaisamala kuposa thupi lawo, moti ndinkawaseka kuti mkazi wamkulu ndi imeneyo, ine ndine wachiwiri. Kwa inu amene simunakhaleko kunyanja, palibe amene amathira petulo yekhayekha mu injini ya boti. Umayamba wathiramo oyilo m'chigubu, n'kukhutchumula bwinobwino, apo ayi injini imauma n'kukufera pakati pa madzi. Zimenezi aliyense kumeneko amazidziwa, ngakhale ine wakumtunda ndinali nditazizolowera.

Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, ngakhale sukulu anali asanayambe. Chaka china nthawi ya mvula anadwala malungo. Pachipatala chathu chaching'ono anamubaya, anamuika diripi, koma kutacha zikhatho zake zinali zitayera mbuu, ndipo anamwino anandikokera pambali n'kundiuza kuti magazi amuthera, akufunika kumuwonjezera tsiku lomwelo kuchipatala chachikulu. Nanga tidzere kuti? Msewu wokwera phiri wotulukira ku Usisya unali utagumuka, sitima ya pamadzi inali itadutsa kale sabata imeneyo, ndipo za boti anamwino anakana, anati ulendo wake ndi wautali, mwanayu sangapirire.

Anamwino omwewo ndi amene anakumbukira mzungu wina wa ku Kande amene anali ndi kandege konyamula alendo kuwaonetsa nyanja. Anamuimbira foni, ndipo munthuyo sanawiringule. Kandegeko kanadzatera pabwalo la mpira la pasukulu pathu, ana onse n'kukhamukira panja, aphunzitsi anzanga osawaletsa n'komwe chifukwa nawonso anali akuthamanga. Kandege kake mukanakaona, abale. Phiko lansalu ngati tenti, mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, injini kumsana, basi, chitseko palibe, khoma palibe.

Mzunguyo anati ananyamuka mothamanga, petulo wamuchepera, akufuna wina. Bambo ake a mwana anathamanga kwa ogulitsa n'kubwera ndi chigubu chodzaza. Mzungu uja anamununkhiza petuloyo, anamuyang'ana padzuwa, anamusefa ndi kansalu pothira m'thanki, kenako anatsagana ndi anamwino kuchipatala kukaona mmene tingamunyamulire mwana. Bambo ake anatsala akulondera kuti ana asagwiregwire. Tsono iwo anali ataona zonse, ndipo anaona kuti oyilo sanathiremo. Kumudzudzula mlendo pagulu, munthu woti wabwera kudzakuthandiza, mwana wa ku Usisya sangachite zimenezo. Anangopita kuboti kwawo, kukatenga botolo la oyilo latsopano limene ankasungira ulendo wautali, n'kukhuthulira lonse m'thanki muja.

Anandiuza okha, akundithandiza kumanga mwana pachifuwa ndi chitenje, monong'ona kuti mlendo asachite manyazi.

"Amake mwana, musaope. Mzunguyu m'changuchangu anaiwala oyilo, ndamuthirira botolo lonse. Siizima iyi."

Ndinawathokoza m'chinenero chawo, ndinati yewo. Ndinkati ndinene chiyani? Inenso ndinaona kuti achita zanzeru.

Za kunyamuka sindikumbukira zambiri. Anandiveka chipewa cholimba chokhala ndi zomvera m'makutu, anandimanga malamba, kenako phokoso, kenako madenga a sukulu ali pansi pathu. Ine maso anali pamutu pa mwana, ndinkangomvera kampweya kake kofunda kakundigunda pakhosi apa. Titayenda ndithu pamwamba pa madzi, mapiri ali kudzanja lamanja, ndinayamba kumva fungo la utsi, lomwe lija la kugombe m'mawa maboti akamalizidwa, ndipo mtima unakhala pansi, ndinati injini ikudya bwino. Kenako inatsokomola. Inatsokomolanso, n'kuyamba kunjenjemera kumsana kwangaku, mzungu uja manja ali yakaliyakali pa timabatani take, kenako zii.

Anthu amandifunsa kuti unakuwa? Unapemphera? Ayi ndithu, ndisakunamizeni. M'mutu munalibe kanthu. Kunkangomveka mphepo ikulira m'mawaya a phiko, ine n'kumayang'ana kabwato kena pansi, n'kumaganiza zoti zovala ndazisiya pachingwe ndipo mvula ikabwera palibe wozichotsa. Mayi wanzeru zake, mwana ali pachifuwa, angamaganize za zovala? Koma ndi zimene ndinkaganiza. Mawu a mzungu uja anabwera m'makutu, m'Chichewa chake chothyokathyoka, kuti ndimugwire mwana zolimba. Ndinamugwira.

Tinatsika pang'onopang'ono mpaka pa kagombe kena kopanikizika pansi pa phiri, kopanda msewu, nyumba zingapo chabe. Matayala anatitimira mumchenga, kandege n'kugwa chammbali, ine mlomo n'kung'ambika. Mwana sanalire n'komwe, koma anali akupumabe.

Asodzi a pamenepo anathamanga kudzatidzutsa, ndipo atamva za mwana ena anapita kukatenga injini kuti aimange paboti. Tikudikira, mzungu uja anamasula mapulagi a injini yake, onse ali bii, onyowa. Anakhetsera petulo pachikhatho, n'kumufikisa ndi zala, n'kundiyang'ana. Ndinamuuza zimene bambo ake anachita, ndipo ndinanena mopanda mantha, ngati ndikunena zabwino. Munthu uja anangokhala pansi pamchenga. Sanakalipe. Anandifotokozera mofatsa kuti injini yake ndi ya fo sitiroko, ngati ya galimoto, oyilo ali ndi malo akeake ndipo petulo amayenera kulowa yekha, zosakaniza zija ndi za injini za maboti athu. Ndinamva mawu onse bwinobwino ngati ndili m'kalasi, koma sanandilowe.

Boti litakonzeka, mwini wake anatsegula chigubu pamaso panga, n'kuthiramo oyilo, n'kukhutchumula. Injini imeneyo sinatsokomole ngakhale kamodzi ulendo wonse. Penapake m'njira, kampweya kofunda kaja kanasiya kundigunda pakhosi. Sindinauze munthu. Ndinawasiya anthu aja athamangitse boti mpaka kukafika kudoko, wina n'kuthamangira kukafuna galimoto, ine khale, manja ali pamsana pa mwana. Chitenje anachita kundimasula ndi anamwino a kuchipatala chachikulu, ndipo misozi sinabwere, ngakhale pamaliro sinabwere, apongozi mpaka anandinena.

Chinthu chimodzi chokha ndinachita cha munthu wamoyo tsiku limenelo. Ndinamupempha mzungu uja, amene anatiperekeza mpaka kuchipatalako, kuti asawauze bambo ake. Anabwera kumaliro, anakhala pansi ndi azibambo, ndipo atafunsidwa anangoti makina amatero nthawi zina. Bambo ake anamugwira dzanja ndi manja awiri kumuthokoza. M'mudzi zinamveka zambiri, ena ankati alipo anakakoka kandege kaja ndi mankhwala, mayina mpaka ankatchulidwa, ine chete.

Sitinakhalenso ndi mwana wina. Tinakhala bwino, sindinawade, mungamude bwanji munthu amene anapereka botolo lake lonse? Koma nthawi ndi nthawi, akamasakaniza petulo wa boti pakhomo, ankaima n'kunena mawu omwewomwewo.

"Komabe bola oyilo uja. Akanapanda iye mukanagwera pakati pa madzi, ndikanataya awiri."

Ine ndinkati eya.

Ngati mwana akanachira tikanafika msanga, sindikudziwa, madokotala nawonso sanandilonjeze zimenezo. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti panalibe mfiti pa nkhaniyi, panali bambo wokonda mwana wake amene ankadziwa injini yamtundu umodzi, ndi ine amene ndinati yewo. Ndiye inu anzanga a kunyanja, makina amene si anu, kaya ndi ndege, kaya jenereta ya kuchipatala, musathiremo kanthu musanafunse mwini wake. Funsani pagulu pomwepo, akusekeni ngati n'kuseka. Bambo ake anaopa kumuchititsa mlendo manyazi, ndipo ine ndakhala ndikuyankha kuti eya mpaka tsiku limene ndinawatseka maso.