Chala Chimene Anachimanga ndi Ulusi

Funso limene ndakhala nalo kwa zaka zambiri ndi ili: kodi chala chachisanu ndi chimodzi chimene ndinabadwa nacho chinachokera kwa bambo anga, kapena chinayambira pa ine?

Chalacho sindinachione. Chinali kudzanja lamanzere, pambali pa chala chaching'ono, chopanda fupa, chikulendewera pakakhungu. Azamba a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Chia, anachimanga ndi ulusi ndisanatuluke m'chikuta, ndipo patapita masiku chinauma n'kuthothoka. Pamalopo panatsala kachotupa konga njere ya mpunga.

Bambo anga sindiwakumbuka. Anali msodzi wa ku Bua amene anakhala chikamwini kwathu kwa nthawi yochepa. Ukwati unatha ine ndikukwawa, iwo anapita kukadula nzimbe ku Dwangwa, ndipo anamwalirira komweko osasiya ngakhale chithunzi. Mayi ankanena kuti kuchikazi kwathu kulibe amene anabadwa ndi chala chotere. Za manja a amuna awo ankangokumbukira kuti anali okakala, odzaza zipsera za mbedza ndi zingwe za ukonde.

Ku yunivesite ndinaphunzira kuti malangizo oumbira thupi amakhala awiriawiri m'maselo, ena ochokera kwa mayi, ena kwa bambo, ndipo kuti chala chowonjezera chimere, nthawi zambiri amakwanira malangizo a kholo limodzi. Ndinasangalala kuposa mmene phunzirolo linkafunira, chifukwa zinatanthauza kuti mwina pathupi panga pali chinthu cha bambo chimene ndingachiloze. Koma phunziro lomwelo linali ndi mfundo zina ziwiri. Munthu akhoza kunyamula malangizowo chalacho osamera, choncho mwina anadzera mwa mayi mosaonekera. Komanso maselo akamakopera malangizo, nthawi zina pamalakwika kanthu kamodzi, ndipo mwana amabadwa ndi chimene makolo ake onse alibe.

Nditayamba ntchito ndinapita ku Bua kukafunafuna azakhali, mlongo wa bambo. Ndinawapeza akuyanika usipa pathandala. Nditanena kuti ndine yani analira pang'ono, kenako anandiseka kuti ndabwera ndi nsapato za mu ofesi mumchenga wa asodzi. Ndinawaonetsa dzanja langa. Analitembenuza, n'kupapasa kachotupako kwa nthawi yaitali.

Anati anamvapo kuti zala zotere zilipo kubanja kwawo, koma sakanatha kutchula munthu. Za m'chikuta zimathera m'chikuta: amayi amamanga ulusi, chala chikagwa amachikwirira, ndipo amuna sauzidwa, ngakhale mwiniwakeyo akakula. Anadabwa kuti mayi anga anandiuza. Azakhaliwo anabadwa pambuyo pa bambo, ndipo amene analowa m'chikuta cha bambowo, amayi awo ndi azamba, onse anapita kalekale.

"Nanga inu, azakhali, simunaonepo kachotupa padzanja pawo?" ndinafunsa.

"Mwanangu, mlongo wako umamuyang'ana kumaso," anayankha. "Ndani amawerenga zala za mlongo wake? Ukanafunsa za kasekedwe kake ndikanakuuza."

Ndinafunsa za kasekedweko. Anati bambo akaseka ankatsinzina, n'kumenya bondo la amene wakhala naye pafupi. Ine sindiseka choncho, ndipo ndinkadziwa kuti chizolowezi chotere mwana amachitola pokhala ndi munthuyo. Tsiku lonselo ndinkayang'ana mozemba manja a asuweni anga pamene ankasoka ukonde. Aliyense anali ndi zala zisanu, ndi zipsera zambiri moti sindikanasiyanitsa cha ulusi ndi cha mbedza. Kuwapempha kuti andionetse bwino ndinachita manyazi, popeza anali atangondidziwa tsiku lomwelo.

Ndimadziwa kuti ngakhale popanda chalacho, theka la malangizo a thupi langa ndi la bambo. Kudziwa kumeneku sikunandikwanire, chifukwa theka limenelo sindingalione.

Mwana wanga wamkazi atabadwa kuchipatala, ndinapempha kumuona asanamusambitse. Anali ndi zala zisanu dzanja lililonse. Zimenezi sizitsimikizira kanthu: mwina malangizowo anamuphonya, mwina ali nawo koma sanaonekere. Mayi anamwalira, ndipo bambo agona ku Dwangwa m'manda a anthu obwera, pamalo amene palibe wachibale angawaloze.